Galimoto yamagetsi ikakana kutchaja, vuto amalisaka kuchokera pati?

M'chaka cha 2012, anthu ena omwe anali ndi galimoto za Nissan Leaf ku America anayamba kubwera ndi dandaulo lofanana. Madzulo munthu alumikiza galimoto ku chipangizo chapakhoma chotchedwa WattStation, cha kampani ya General Electric, n'kukagona. Kukacha apeza batire silinadzaze, ndipo ngakhale ayese chotchajira china, galimoto osalandiranso moto. Ogulitsa galimoto ena sanachedwe kuloza chala chipangizocho, mpaka kuchenjeza makasitomala awo kuti achisiye. Koma akatswiri a makampani awiriwa atafufuza, analengeza kuti cholakwa chinali m'pulogalamu ya kompyuta ya galimotoyo. Pulogalamuyo inkalola kuti zida zina za mkati ziwonongeke ngati magetsi afooka kapena kuthima mwadzidzidzi galimoto ili pa tchaja.

Kufooka ndi kuthimathima kwa magetsi si nkhani yachilendo kwa munthu wa ku Ndirande, Area 25 kapena Chibavi. Galimoto zambiri za m'misewu ya dziko lino n'zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, zodzera pa madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Durban, ndipo Leaf, yomwe inayamba kugulitsidwa mu Disembala 2010, ili m'gulu la galimoto zamagetsi zopezeka mosavuta pa misika imeneyi. Aliyense amene anagonapo pa mzere wa mafuta angamvetse chifukwa chimene anthu akuziyang'anira ndi chidwi. Funso lomwe limatsalira ndi la tsiku limene galimotoyo idzakane kutchaja: adzaiona ndani, ndipo adzayambira pati?

Mantha oyamba a mwini galimoto amakhala akuti batire lalikulu latha. Manthawo ndi omveka, pakuti ndicho chida chodula kuposa zonse. Komabe mmisiri wodziwa ntchito amalifikira batirelo kumapeto. Moto usanafike kumeneko umadutsa pa soketi ya pakhoma, m'chingwe ndi kabokosi kake, pa khomo lotchajira la galimoto, m'tchaja ya mkati mwa galimoto, kenako m'maswichi aakulu otchedwa contactor. Paliponse pa njira imeneyi pali chida chomwe chingakane, ndipo nthawi zambiri kukanako ndi chitetezo chomwe chagwira ntchito yake. Ntchito ya mmisiri ndi kupeza chida chomwe chakana, komanso chifukwa chake.

Tiyenera kumvetsa kaye kuti bokosi lapakhoma lomwe anthu amalitcha tchaja silitchaja kanthu palokha. Magetsi a ESCOM ndi a mtundu wa AC, pamene batire limasunga a mtundu wa DC. Chida chosintha AC kukhala DC chili m'galimoto momwemo, ndipo pa Leaf zakale chimalandira ma kilowatt pafupifupi 3.3 kapena 6.6, kutengera mtundu wake. Bokosi lapakhoma ndi swichi yanzeru chabe, yongotsegula ndi kutseka moto.

Mmisiri asanakhudze chilichonse cha izi, amatsegula boneti n'kuika mita pa kabatire ka ma volt 12, kofanana ndi ka mu Corolla kapena Sienta. Ambiri amadabwa kumva kuti galimoto yamagetsi ili nako. Kabatire aka ndi kamene kamadzutsa makompyuta ndi kutseka ma contactor kuti batire lalikulu lilumikizidwe. Kakafooka, galimoto imatha kuyatsa mauthenga osiyanasiyana pa dashibodi, kukana kutchaja ngakhalenso kukana kuyenda, batire lalikulu lili lodzaza. Bungwe la ADAC, lomwe limathandiza oyendetsa galimoto zowonongekera pamsewu ku Germany, lakhala likupeza kuti pafupifupi theka la galimoto zamagetsi zomwe limaitanidwira zimakhala ndi vuto la kabatire kameneka. Galimoto yomwe yakhala masabata ambiri pa sitima ndi pa doko imafika kuno kabatireka katatopa kale. Kabwinobwino kamaonetsa ma volt pafupifupi 12.6 galimoto ili yozimitsa, ndipo galimoto ikayatsidwa chiwerengerocho chimayenera kukwera kupitirira 13.

Chikapanda kukwera, pamenepo pali nkhani. Galimoto yamagetsi ilibe alitaneta, ndipo kabatireka kamadzazidwa ndi chida chotsitsa moto kuchokera ku batire lalikulu. Makampani a Hyundai ndi Kia anaphatikiza chida chimenechi ndi tchaja ya mkati m'bokosi limodzi lotchedwa ICCU. Mu Malichi 2024 anaitanitsa galimoto pafupifupi 147,000 ku America, kuphatikizapo Ioniq 5, Ioniq 6 ndi EV6, chifukwa transistor ya m'bokosilo inkapsa, fyuzi n'kuduka, kabatire kakang'ono n'kusiya kudzazidwa mpaka galimoto kutha mphamvu ili pamsewu. Mu Novembala chaka chomwecho anaitanitsanso zoposa 200,000. Makaniko amene angangosintha kabatireko n'kubweza galimoto kwa mwini wake, osayeza ngati kakudzazidwa, aiona ikubweranso pa chingwe chokokera patangopita masiku ochepa.

Kabatire kakakhala bwino, mmisiri amatembenukira kukhoma, ndipo kuno kwathu ndiko kuyenera kuthera nthawi yambiri. Soketi za m'nyumba zathu ndi za ma volt 230, ndipo pulagi ya mano atatu inapangidwira ma amp osapitirira 13. Ketulo imakoka moto wambiri, inde, koma kwa mphindi zisanu zokha. Galimoto imakoka ma amp 10 kapena kuposerapo usiku wonse: batire la 24 kWh lomwe latheratu limafuna maola khumi kapena kuposa pa soketi wamba. Sikuluu imodzi yosamanga bwino kuseri kwa soketi ndi yokwanira kuyambitsa kutentha. Ngati pamalo olumikizirapo pali kukana kwa theka la ohm chabe, ma amp 10 amatulutsapo kutentha kwa ma watt 50, pamalo aang'ono ngati chikhadabo, kwa maola ambiri. Zizindikiro zake zimaoneka ndi maso ndi mphuno: mano a pulagi oda, pulasitiki yotuwa kapena yosungunuka, fungo la chinthu chopserera. Zingwe zina zili ndi kachida komva kutentha m'pulagi, ndipo zimadula moto zokha. Mwini galimoto amangoona kuti kutchaja kwaima pakati pa usiku.

N'chifukwa chake kuyeza soketi yopanda katundu sikokwanira. Mita ikhoza kuonetsa 230 bwinobwino, koma galimoto ikangoyamba kukoka moto, chiwerengero n'kugwa kwambiri. Izi zimasonyeza kuti mawaya ndi ochepa mphamvu, kapena ndi aatali kwambiri, kapena thiransifoma ya m'deralo yalemedwa, makamaka madzulo pamene aliyense akuphika. Ma extension otchipa a pamsika amaonjezera vutoli, ndipo sayenera kupezeka pakati pa khoma ndi galimoto.

Kenako pali waya wa earth. Nyumba zambiri zimayenda bwinobwino kwa zaka waya ameneyu ataduka kapena chitsulo chake chapansi chitadyedwa ndi dzimbiri, chifukwa wailesi ndi firiji sizidandaula. Chingwe cha galimoto chimadandaula: chikapanda kupeza earth, chimayatsa kanyali kofiira n'kukana. Galimoto ya Renault Zoe inatchuka ku Ulaya pa khalidwe limeneli, moti ku Norway, komwe nyumba zambiri zili ndi kalumikizidwe ka magetsi kosiyana ndi ka maiko ena, panafunika zingwe zapadera kuti itchaje. Jenereta zing'onozing'ono ndi mainveta ambiri a sola amabweretsa vuto lofanana, chifukwa waya wa neutral sukhala wolumikizidwa ndi earth. Pali amisiri ena amene amanamiza chingwe polumikiza mawaya mwachidule kuti kanyali kofiira kazime. Zimenezi n'kuika moyo wa mwana aliyense wogwira chitseko cha galimotoyo pa chiswe, ndipo mmisiri wodzilemekeza sayenera kuvomera ngakhale kasitomala atachonderera.

Galimoto za ku Japan zili ndi msampha wawo. Magetsi a m'nyumba kumeneko ndi a ma volt 100 ndi 200, choncho chingwe chomwe chimabwera m'buti chinapangidwira magetsi amenewo, ndipo nthawi zambiri chimakoka ma amp 15. Kudula pulagi yake n'kuikapo ya kuno ya ma amp 13 ndi njira yofulumira yowotchera soketi kapena chingwecho. Mmisiri aziwerenga kaye zomwe zalembedwa kuseri kwa kabokosi.

Khoma likapezeka kuti lilibe mlandu, mmisiri amafika pa gawo lokoma kwambiri la ntchitoyi. Chingwe chikalowa m'galimoto, moto suyamba kuyenda pompo. Bokosi ndi galimoto zimayamba zalonjerana, monga mlendo amaima pabwalo n'kunena kuti "Odi!", osalowa mpaka eni nyumba atayankha. Kulonjeranaku kumadzera pa kawaya kamodzi kotchedwa control pilot, ndipo malamulo ake ali m'muyezo wa SAE J1772. Chingwe chisanalowe, pa kawayaka pamakhala ma volt 12. Chikalowa, resistor ya m'galimoto imawatsitsa kufika pa 9, ndipo bokosi limadziwa kuti kwafika galimoto. Galimoto ikakonzeka kulandira moto imawatsitsanso kufika pa 6, ndipo m'pamene relay ya m'bokosi imamveka kuti "tha!", moto n'kuyamba. Pa kawaya komweko bokosi limauzanso galimoto kuchuluka kwa moto womwe ingatenge, posinthasintha chizindikirocho ka 1,000 pa sekondi. Chizindikiro chikamakhala m'mwamba theka la nthawi ndiye kuti ma amp 30, gawo limodzi mwa magawo anayi ndi ma amp 15, limodzi mwa khumi ndi ma amp 6.

Manambala atatuwa, 12, 9 ndi 6, amagawa mlandu mosakondera. Chingwe chili m'galimoto koma pakadali 12? Ndiye kuti uthenga sukufika: kawaya kaduka pomwe chingwe chimapindikira, kapena dzino la pa khomo lotchajira lapindika, lachita dzimbiri kapena ladzaza fumbi. Chaima pa 9? Bokosi laiona galimoto, koma galimoto ndiyo ikukana, choncho kugula chingwe china n'kutaya ndalama. Chafika pa 6 koma moto kulibe? Galimoto yavomera, ndipo wolakwa ndi relay kapena mawaya a m'bokosi. Chenjezo ndi lakuti mita wamba imasokonezeka ndi chizindikiro chosinthasintha chotere, n'kuonetsa nambala yapakatikati. Pamafunika oscilloscope, ndipo masiku ano zilipo zazing'ono zolowa m'thumba.

Chizindikiro chikaima pa 9, ndi bwino kuyamba ndi chinthu chosafuna sipanala. Leaf ili ndi pulogalamu yoti izitchaja pa nthawi yoikika yokha, ndipo mwini wake wakale ku Osaka kapena Nagoya akhoza kukhala kuti anaikonza kuti iziyamba pakati pa usiku. Zolemba za pa sikirini zili m'Chijapani, ndipo nthawi ya ku Japan ili patsogolo pa yathu ndi maola 7. Galimoto yotere imaoneka ngati yowonongeka pamene ikungodikira ola lake. Pafupi ndi chiwongolero pali batani lomwe limaiuza kuti iyambe nthawi yomweyo.

Pa njira ya control pilot palinso diode imodzi, yomwe ntchito yake ndi kutsimikizira bokosi kuti chomwe chakhudza chingwe ndi galimotodi, osati madzi kapena chala cha mwana. Diode imeneyi ikapsa pamachitika zozunguza mutu: galimoto imatchaja pa bokosi lina n'kukana pa lina, chifukwa mabokosi ena amaifufuza pamene ena saifufuza. Pa oscilloscope zimaonekeratu, pakuti mbali ya pansi ya chizindikiro, yomwe imayenera kukhala pa ma volt 12 otsika kunsi kwa ziro, imasintha. Eni Leaf zoyambirira ena anapulumutsa tchaja yonse ya mkati poika diode ina ya ndalama zochepa pa kawayako. Kabatani ka pa chogwirira cha chingwe nakonso kali ndi swichi yake. Kakaphwanyika kapena kukakamira, galimoto imaganiza kuti munthu akufuna kuzula chingwe, ndiye siyamba kutchaja.

Kumene kuli zotchajira zachangu, pali kuyesa kwina kosavuta. Makina amenewa amapereka DC yomwe imalowa m'batire mosadzera m'tchaja ya mkati, ndipo pa Leaf zakale amagwiritsa ntchito khomo lalikulu la CHAdeMO. Galimoto ikatchaja pamenepo koma n'kukana panyumba, batire ndi ma contactor zili bwino, ndipo diso lipite pa tchaja ya mkati ndi fyuzi zake.

Nanga kompyuta? Inde, pansi pa dashibodi pali soketi ya OBD, ndipo pulogalamu ya pafoni yotchedwa LeafSpy imawerenga makhodi a zolakwika pamodzi ndi thanzi la batire. Koma khodi imangotchula dera lomwe kompyuta yaona chachilendo, siitchula chida choti chigulidwe. Kabatire kofooka kokha kangadzutse makhodi ambirimbiri osagwirizana. Chizolowezi choipa kwambiri, chomwe chilipo kale m'magalaja athu, ndi kufufuta makhodi asanalembedwe kuti nyali ya pa dashibodi izime kasitomala asangalale. Kutero n'kuwononga umboni. Mmisiri aziwajambula kaye, akonze kabatire, awafufute, kenako aone omwe abwerenso.

Khodi imodzi yofunika kuilemekeza ndi P0AA6. Magetsi a batire lalikulu, omwe pa Leaf ndi ma volt pafupifupi 360, salumikizidwa ndi thupi la galimoto mbali iliyonse, mosiyana ndi a ma volt 12 omwe amabwerera kudzera m'chitsulo. Kompyuta imayang'anira mpata umenewu nthawi zonse. Lamulo la United Nations nambala 100, lokhudza chitetezo cha galimoto zamagetsi, limafuna kuti mpatawu ukhale wa ma ohm osachepera 100 pa volt iliyonse ku mbali ya DC, ndi 500 ku mbali ya AC. Mpatawo ukachepa, ndiye kuti moto wapeza kanjira kopita ku thupi la galimoto, ndipo galimoto imakana kutchaja. Zoyambitsa zake n'zodziwika: madzi olowa m'malo olumikizira galimoto itadutsa pa msewu wosefukira m'dzinja, paipi ya madzi amphamvu ya kotsukitsa galimoto, makoswe otafuna mawaya, hita yowonongeka, ngakhalenso mafuta olakwika mu kompuresa ya eyakoni. Kompuresa imeneyi ili ndi mota yamagetsi mkati, ndipo mafuta a galimoto wamba amadutsitsa moto. Vuto likamabwera mvula ikagwa n'kuzimirira kukauma, chinyezi ndicho choyamba kuganiziridwa. Mmisiri amamasula nthambi imodzi imodzi, kuyeza iliyonse ndi mita ya insulation, mpaka nambala yoipa itapezeka.

Apa ntchito yafika pa mawaya a mtundu wa lalanje, ndipo masewera palibe. Ma volt 360 a DC amapha. Ndondomeko yake ndi kuzimitsa galimoto n'kuika kiyi kutali, kumasula kabatire kakang'ono, kuvala magolovesi oyesedwa kufika ma volt 1,000, kuzula pulagi yachitetezo yomwe imadula batire pakati, kenako kudikira mphindi khumi kuti ma capacitor atulutse moto wotsala. Ngakhale zitatero, mita iyenera kuyesedwa pa magetsi odziwika isanayeze mawayawo komanso itatha kuyeza, kuopa kukhulupirira ziro wa mita yakufa. Mphete ndi wotchi zivulidwe, ndipo munthu asagwire ntchitoyi ali yekha. Pulagi yachitetezoyo ili ndi kawaya kodziwitsa kompyuta ngati yalowa bwino, choncho galimoto yomwe yayamba kukana itangochoka kugalaja mwina ili ndi pulagi yosakhomeka mokwanira.

Batire lalikulu, tikalifika, limafotokoza zambiri. La Leaf ya 24 kWh lili ndi maselo 192 olumikizidwa awiriawiri kukhala magulu 96, ndipo kompyuta imaonetsa mphamvu ya gulu lililonse. Magulu abwino amasiyana pang'ono zedi. Gulu limodzi likafooka, limadzaza msanga ndi kutha msanga, ndipo kompyuta imaimitsa kutchaja kuti iliteteze ngakhale ena 95 asanakhute. Kusintha gawo lomwe muli gulu limenelo n'kotheka, popanda kugula batire lonse. Kutentha nakonso kumachepetsa liwiro la kutchaja popanda chowonongeka. Batire la Leaf zakale silizizitsidwa ndi madzi. Mu 2012 anthu a ku Phoenix, m'chipululu cha Arizona, anadandaula kuti mabatire awo akutha mphamvu msanga, ndipo mu 2018 eni Leaf za 40 kWh anapeza kuti paulendo wautali galimoto imachepetsa yokha liwiro la kutchaja batire likatentha. Wokhala ku Nsanje, Chikwawa kapena Karonga ayembekezere zomwezi mu Okutobala, ndipo achita bwino kutchaja usiku kapena pamthunzi.

Pali zolakwika zina zomwe mita ya m'galaja singazione. Galimoto za Chevrolet Bolt zinayamba kupsa zina zitangotha kutchaja, ndipo kampani ya General Motors inauza eni ake kuti asamadzaze kupitirira 90 peresenti komanso aziziimika panja. Chifukwa chake chinapezeka mkati mwa maselo opangidwa ndi LG, momwe zolakwika ziwiri za kufakitale zinkakumana m'selo limodzi, ndipo mu Ogasiti 2021 galimoto zonse za mtunduwu, zoposa 140,000, zinaitanitsidwa. Wogula galimoto yamagetsi yakale azifufuza nambala ya chasisi pa intaneti kuti adziwe ngati inaitanitsidwapo komanso ngati inakonzedwa.

Chomwe chikuonekera pa njira yonseyi n'chakuti ntchitoyi yagwera pakati pa amisiri awiri omwe kuno kwathu sakumana kawirikawiri. Wa zamagetsi a m'nyumba amadziwa earth, neutral ndi kukula kwa mawaya, koma galimoto saidziwa. Wa zamagetsi a galimoto amadziwa makhodi ndi mawaya a ma volt 12, koma ma volt 360 ndi atsopano kwa iye. Makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Lilongwe, Nasawa ndi Mzuzu akhala akuphunzitsa ntchito ziwirizi kwa zaka zambiri, ndipo ndi bwino kuti TEVETA pamodzi ndi MERA aonetsetse kuti ophunzira a mbali zonse ziwiri akugwirapo galimoto zamtunduwu zisanachuluke.

Pakali pano mwini galimoto angathandize mmisiri kwambiri ndi zinthu zochepa. Ajambule uthenga wa pa dashibodi ndi tinyali ta pa kabokosi ka chingwe asanazule chilichonse. Akumbukire ngati usikuwo magetsi anathima, kunagwa mvula kapena kunali ziphaliwali, komanso ngati galimoto inatsukidwa kapena kukonzedwa eyakoni masiku apitawo. Ayese soketi ya nyumba ina, ndipo ngati n'kotheka abwereke chingwe china. Popita kugalaja atenge chingwe chake chomwe, chifukwa nachonso chiyenera kuyezedwa.